Ulemu kwa touch, Mkonzi wa Masiku

Mwa antchito onse okhala m'kompyuta, palibe wodzichepetsa ngati touch. Dzina lake ndi la zilembo zisanu zokha. Salemba kalata, sawerengetsa ndalama, sayimba nyimbo. Ntchito yake yaikulu ndi kusintha tsiku limene fayilo ikunena kuti inagwiridwa. Ganyu ameneyu anamuyamba mu 1979 mu Unix Version 7, ndipo mpaka lero sanapemphepo kukwezedwa pantchito.

Fayilo iliyonse imasunga nthawi zitatu. Pali atime, yonena pamene munthu anaiwerenga komaliza. Pali mtime, ya pamene zam'kati mwake zinasinthidwa. Yachitatuyo tiisunge kaye, ndi yamwano. Mukalemba touch -a, mkuluyu amakonza yoyamba. Mukati -m, yachiwiri. Mukawonjezera -t ndi tsiku la kumtima kwanu, amalilemba osafunsa kuti bwanji. Pansipansi amatuma utime, kapena mdzukulu wake utimensat amene amawerenga mpaka kachigawo kamodzi ka sekondi yogawidwa ka 1 biliyoni. Bodza lolongosoka chonchi simungalipeze ngakhale pabwalo la milandu.

Akatswiri adzakuuzani kuti ntchito yake yeniyeni ndi yaulemu. Pulogalamu ya make, imene Stuart Feldman analemba ku Bell Labs mu 1976, imayang'ana mtime kuti idziwe zoyenera kumangidwanso, ndiye mukakhudza fayilo imodzi zonse zodalira fayiloyo zimadzuka. Nawonso tar ndi rsync amadalira njira yomweyi kuti katundu akasamuka asataye tsiku lake. Chabwino, tamva.

Koma ine ndikumutamanda chifukwa cha chifundo. Taganizani za kalaliki wa pa Mvera amene bwana wake ku Dowa ankafuna lipoti Lachisanu. Magetsi anathima, kenako kunali maliro, kenako kunali mpira. Lipoti lalembedwa Lolemba usiku. Apite kwa yani? M'busa amuuza kuti alape. Mkazi wake amuuza kuti ndinanena ine. Koma touch samudzudzula. Mzere umodzi wokha, fayilo yabwerera Lachinayi masana, ndipo kalaliki uja wasanduka munthu wakhama amene anamaliza tsiku lisanakwane n'komwe. A Tippex aja a chisankho cha 2019 ankasiya chipsera choyera chimene oweruza anachiona ndi maso, mpaka zotsatira zinafafanizidwa pa 3 February 2020. Koma touch sanunkha, sadikira kuuma, sathera m'botolo.

Ndiponso amalemekeza akuluakulu, khalidwe losowa masiku ano. Mishoni ya Mvera inayamba mu November 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok atafika m'dziko la mfumu Chiwere. Yesani kupatsa fayilo yanu tsiku limenelo pa Linux ya ext4: sizitheka, kalendala yake imayambira pa 13 December 1901. Pa fulashi ya FAT ndiye zimayambira pa 1980, ndipo masekondi amawerengedwa awiriawiri. Choncho pa ext4 ndi FAT munganame mmene mungathere, koma fayilo yanu sidzakula kuposa Mvera.

Tsopano uja wamwano, ctime. Ameneyu ndi mboni imene touch alibe nayo mphamvu. Nthawi iliyonse imene mwasintha masiku awiri aja, iye amalemba mwakachetechete ola lenileni limene mwachitira zimenezo. Anthu ansanje amati pamenepa ndi pamene touch amagwa chagada. Ine ndimati ndi umunthu: amakuthandizani kunama, koma amasiya lisiti. Kuti Word amasunga masiku akeake m'kati mwa chikalata, kapena kuti imelo ndi WhatsApp zimakumbukira ola limene munatumiza, si mlandu wake. Ku Pakistan mu 2017 banja la nduna yaikulu Nawaz Sharif linapereka chikalata cholembedwa kuti ndi cha 2006, koma zilembo zake zinali za Calibri, zimene zinafika kwa anthu onse mu 2007. Kumeneko ngakhale touch akanangogwira pakamwa.

Ndiye inu amene Lachisanu lakupitirirani, mulandireni mkuluyu ndi manja awiri. Koma mukamaliza lembani stat ndi dzina la fayilo yanu, muwerenge mzere wa Change bwana asanauwerenge.