Kamvuluvulu wosankha nyumba

Ndinaima pachiwaya, chapafupi ndi siteji ya maminibasi a ku Limbe ndi ku Mulanje, kudikira kuti tchipisi chipse. Luchenza yense nkhani inali imodzi: mphepo ya dzulo masana.

"Inu achimwene, mphepo ili ndi maso?" anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi. "Kwa apongozi anga malata onse psiti, ena tawatola kudimba. Koma khitchini yaudzu ya aneba ili chiimire, ngakhale udzu umodzi sunasunthe. Mundiuze kuti palibe dzanja la munthu pamenepa?"

Mnyamata wa kabaza anavomereza msanga. Iye akuti anamuona yekha kamvuluvuluyo. Kunatentha kuyambira m'mawa, kenako kumwamba kunada bii, mabingu n'kuyamba. Fumbi ndi majumbo zinanyamuka n'kumazungulira, ndipo chinthucho chinadutsa kanjira kake kakang'ono, kuthyola nthambi za mango, kugwetsa bulugamu mmodzi, n'kuzimirira mvula isanalimbe n'komwe.

"Agogo ankatiuza kuti m'kati mwake mumayenda afiti," anatero.

Apa bambo wina wa pensulo kukhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, dengalo anakhoma ndani?"

"Mwana wa mlongo wanga. Amisiri inu mumadula."

"Mitengo ya denga anaimanga ndi waya wolowa m'khoma?"

Mayi aja anangoti duu.

"Ndiye mfiti yanu ndi imeneyo. Mphepo sikankha denga ayi, imaliyamwa. Ikathamanga pamwamba pa malata, ina n'kulowera pakhomo kapena pampata wa pakhonde, denga limadzuka ngati chivindikiro cha poto. Malata opyapyala, misomali yotalikirana, kenako mumasanjika miyala ndi matayala pamwamba n'kumati mwamanga."

Mkulu wina amene anakhala pabenchi, wooneka kuti anakalambira kuesiteti ya tiyi, anadikira kuti phokoso lichepe.

"Mmisiri akunena zoona, koma wasiya mbali ina. Mu Okutobala ndi Novembala nthaka imatentha kwambiri. Mpweya wotenthawo ukamakwera n'kukumana ndi mtambo wa mabingu, nthawi zina umapota. Njira yake ndi yopapatiza, n'chifukwa chake umatenga nyumba iyi n'kusiya iyo. Si namondwe Freddy uyu. Freddy, mu Malichi 2023, anachokera kunyanja ya mchere, mvula inagwa masiku angapo osakata, mapiri anagumuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chilobwe. Ujayu sanasankhe munthu. Wa dzuloyu ndi mwana chabe."

"Mwana wotani wosasula denga?" anatero mayi aja.

"Wapeza pabwalo pali poyera. Pitani kuesiteti mukaone mizere ya mitengo imene anaisiya m'mbali mwa minda. Ife yathu tinaotchera njerwa, ina tinaotcha makala. Wotsala ndi bulugamu uja wadzalidwa pafupi ndi khoma, amene akagwa amagwera pogona ana."

Wachiwaya anafunsa ngati a DoDMA, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, abwera kudzalemba mayina. Wina anati amfumu ayamba kale kuzungulira ndi kope. Wina n'kuti chimanga ndi mapepala apulasitiki zikhoza kubwera, koma palibe adzabweretse waya.

Mayi a nthochi anakhala chete kanthawi, akukonzakonza zipatso m'lichero. Kenako anayang'ana chakumapiri a Mulanje, kumene mitambo inali itayambanso kusonkhana.

"Inu bambo," anaitana motsitsa mawu, "kumanga dengalo ndi waya, mungatichitire zingati?"

"Nanga mfiti ija?"

"Imeneyo tikambirana mvula ikatha. Apongozi agona kutchalitchi usiku wathawu."

Mmisiri anachotsa pensulo kukhutu, n'kuyamba kuwerengera pakatoni ya nthochi. Tchipisi changa chinali chitazizira kalekale.