Mlatho uli m'mwamba, anthu ali pansi

Pa msewu wa Great East ku Lusaka, cha pa Manda Hill, pali mlatho womwe anamangira anthu oyenda pansi kuti asamalimbane ndi magalimoto. Wina uli ku yunivesite ya UNZA. Ndi milatho yooneka bwino ndithu, ndipo imathandiza: amene akudumpha msewu pansi pake amapezako mthunzi.

Akuluakulu amati anthu otere ndi aulesi komanso osamva. Amanena izi ali m'galimoto, mawindo atatseka. Taganizani mayi wabereka mwana, thumba la ufa pamutu, minibasi yaima tsidya linalo, kondakitala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Ndiye mumuuze akwere masitepe, adutse m'mwamba, atsike, kenako abwerere pamene amafuna paja. Nanga agogo a nyamakazi? Pamene palibe njira yotsetsereka, wa panjinga ya olumala amangouyang'ana mlathowo ngati phiri la Mulanje. Kukada, pamwamba paja palibe kothawira, ndipo akuba amazidziwa bwino zimenezi kuposa mainjiniya.

Ku Lagos anafika pomagwira anthu owoloka pansi pamalo pamene pali mlatho. Kwina amamanga mpanda pakati pa msewu, koma posakhalitsa mumapeza chibowo cha msinkhu wa munthu wamkulu, chodulidwa mwaluso.

Mlatho wotere amaumanga kuti woyendetsa galimoto asavutike kuponda buleki. Inu a khonsolo, musanamange wina, kaimeni pamsewu muone pamene anthu akuwolokera kale, muikepo maloboti ndi mahampu.