Sapitwa Andidikire Pang'ono

Pano pa Warren Park palibe amene sadziwa kuti ine kwathu n'ku Mulanje. Ndakhala ndikulengeza zimenezi zaka zambirimbiri, makamaka Loweruka kwa Mereki nyama ili pamoto. Anzanga Achishona akayamba kutama phiri lawo la Nyangani, ndimawasiya amalize, kenako ndimawafunsa mwaulemu kutalika kwake. Akati mamita 2,592, ndimapukusa mutu mwachifundo n'kuwauza kuti Sapitwa wathu ndi mamita 3,002, ndipo kaphiri ngati kawoko kwathu n'kodyetserako mbuzi.

Chimene sindinkawauza n'chakuti Mulanje ndimamudziwira pakalendala. Mchombo wanga uli mu Harare momwemuno. Amene anachokera kuphiriko ndi agogo, nthawi ya atsamunda. Sanadikire za Mthandizi wolemba anthu ntchito, anabwera paselefu, wapansi, kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, atanyamula bulangete limodzi ndi kathumba ka ufa. Atafika ku Salisbury, Harare wa lero, anatchona. Chuma chimene anandisiyira ndi dzina la phirilo basi, ndipo ndadyerapo mokwanira.

Tsono pakamwa padandipachika. Mlamu wanga wa ku Limbe anabwera kudzacheza, ndipo ine mopanda nzeru ndinamutengera kwa Mereki. Atandimva ndikuphunzitsa anthu za Sapitwa, anaika fupa pansi n'kunena mokweza kuti, "Alamu, ndiye Julaye uno tikwere. Wotilondolera ndimupeza ine ku Likhubula." Anthu anawomba m'manja. Wina anandigulira chakumwa. Ndikanakana bwanji nditamwa kale?

Patapita sabata wolondolera uja anatumiza malangizo pa WhatsApp. Ulendo ndi wa masiku anayi: kugona ku Chambe, kenako ku Chisepo, m'mawa mwake n'kulimbana ndi Sapitwa. M'tinyumba ta paphiripo muli mlonda, nkhuni ndi madzi, koma golosale kulibe, choncho chakudya n'chonyamula. Pafunika nsapato zogwira pamwala, jekete ya mvula, majuzi awiri, chipewa chofika m'makutu, magolovesi, tochi ya pamphumi ndi thumba logonamo. Kumapeto analemba kuti ndiyambe kuyenda ndi katundu kumsana kutatsala milungu isanu ndi umodzi.

Ndinamuyankha mwaukatswiri kuti mzinda wa Harare uli pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiye theka la phiri lakelo ine ndinakwera kale tsiku lobadwa. Iye anandikumbutsa kuti basi ikachoka ku Roadport n'kudutsa pa Nyamapanda imatsika mpaka kumtsinje wa Zambezi, kumene munthu amatuluka thukuta atangokhala phee, ndipo ku Likhubula komwe ulendo umayambira n'kotsika kuposa khonde langa la ku Warren Park. Theka langa lija ndikalisiya pa mlatho ku Tete.

Nsapato ndinakazipeza pakaunjika ku Mbare. Zinali majombo akuda, olemera ngati mwana wa miyezi itatu, saizi 10. Ine ndimavala 8. Wogulitsa anati kuphiri anthu amavala masokosi awiriawiri, ndipo mtengo wake unandithandiza kumukhulupirira. Popeza malangizo amati nsapato uzivale kaye kunyumba kuti zizolowere phazi, ndinapita nazo kutchalitchi. Popita kukapereka chopereka mpingo wonse unatembenuka kuona kuti asilikali alowera pati. Pofika Lachitatu phazi ndi limene linali litazolowera nsapato: matuza anayi kumanja, atatu kumanzere.

Za kuzizira ndinawerenga kuti ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kuphiriko kumabwera chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imabisa njira munthu akuiona. Ndiye ndinati ndiyese thumba logonamo lija kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dimba la repu. Usiku wa Juni mu Harare si wamasewera. Cha m'ma 11 mphuno inali itasiya kumva, ndipo galu anali atagona pamiyendo panga, mwina poganiza kuti ndamwalira. Apo n'kuti neba akusuzumira pampanda ndi tochi. "Achimwene," anatero monong'ona, "mwalakwanji?" Ndinamufotokozera za madigiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti iyenso zinamuchitikirapo, zimatha. Kutacha mzere wonse unali utadziwa, ndipo amayi awiri a kumpingo anabwera kudzalangiza mayi a kunyumba za kukhululuka.

Mayi a kunyumbawo nkhaniyi amaiwerengera pakapepala. Madola a basi, timetikashi togulira madzi ku Tete, makwacha a wolondolera ndi onyamula katundu, kuphatikiza majombo ndi mankhwala a matuza. Atawonkhetsa anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo," anatero, "agogo anu anayenda mtunda wonsewo ndi bulangete limodzi kudzafuna ndalama. Inu mukufuna ndalama zonsezi kuti mukagone m'bulangete la zipi." Ndinayesa kunena kuti titha kuchotsapo ya wolondolera, popeza magazi a kuphiri ndili nawo. Apo sanaseke. Nawonso anamva za mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anakwera Sapitwa atasiya womulondolera, n'kudzapezeka patapita masabata atafa. Anati ndichotse china chilichonse, ngakhale chakudya, koma munthuyo ayi.

Pali langizo limodzi lokha limene silikundidetsa nkhawa, ndipo ndi la agogo. Ankati paphiri la Mulanje pali mizimu, ndipo ukapeza chakudya chokonzakonza panjira, kaya nsima kaya nthochi, udye wekha, osaitana mnzako, osatengako. Apa pokha ndakhala ndikukonzekera moyo wanga wonse.

Latsala ndi phunziro la katundu kumsana. Dzulo ndinadzuka mbandakucha, ndinatola njerwa zitatu kuseri kwa khitchini, n'kuziika m'chikwama cha mwana cha kusukulu, ulendo wa ku Warren Hills, timapiri tathu tija toyandikana ndi Heroes Acre. Poyamba ndinkaimba. Chitunda chitayamba ndinasiya kuimba kuti ndisunge mpweya, ndipo posakhalitsa ndinasiya njerwa imodzi pansi pa mtengo kuti ndidzaitenge pobwerera. Yachiwiri ndinaisiya pamwala. Yachitatu sindikukumbuka bwino, chifukwa nthawi imeneyo maso anali akuona tinyenyezi.

Ndili chikhalire pamenepo, anandipitirira gogo wina wa chipositoli, zovala zoyera mbee, wopanda nsapato, mdzukulu kumsana, chigubu cha madzi pamutu, akuimba nyimbo osapuma n'komwe. Atandiona anaima, anayang'ana majombo anga, anayang'ana nkhope yanga, n'kundifunsa m'Chishona ngati ndabwera kudzapemphereredwa. Ndinati ndikukonzekera kukwera phiri lalitali kwambiri ku Malawi. Anati basi andipempherera.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 9, chikwama chili pepuu, n'kupeza magetsi kulibe, nkhuni zili pansi, poto ali pambali, mayi a kunyumba manja ali m'chiuno. Njerwa zija anali mafuwa. Ndinabwerera kuphiri ndi matuza anga, ndipo ndinapeza ziwiri. Usiku nsima inaphikidwa poto atapendekeka, ine nditagwirizira mbali yachitatu ndi jombo la kumanzere. Mawa ndikudzukiranso komweko kukasaka yotsalayo, ndipo mlamu ndamulembera kuti maphunziro akuyenda bwino, tsopano ndimakwera kawiri patsiku.