Ulemu Upite kwa Sikirini Yabuluu

Pa zinthu zonse za mu laputopu, palibe chimene chimatukwanidwa ngati sikirini yabuluu, chonsecho palibenso china chimene chimanena zoona ngati iyoyi. Kachizindikiro ka batire kamalonjeza maola atatu, ola lisanathe makina n'kuzima. Kamzere kokopera mafayilo kamati kwatsala mphindi imodzi, munthu n'kumwa tiyi mpaka kutsuka kapu mphindiyo isanathe. Pabokosi amalembapo liwiro limene purosesa imangoligunda pang'ono n'kubwerera. Onsewa timawakhululukira poti amanama mwaulemu. Koma ikabwera iyi, imene imaimitsa zonse n'kuulula poyera kuti m'katimu zinthu zasokonekera, timamenya tebulo n'kuitchula mayina osayenera kulembedwa m'magazini. Ine ndikuti sikirini yabuluu ndiye wantchito wokhulupirika kuposa onse amene Microsoft inalembapo, ndipo kukhulupirika kwakeko kumawala kwambiri ikatulukira kwa munthu amene wangosankha kumene High performance.

Tiyambe ndi zimene munthuyo wapempha. Windows ili ndi ndondomeko zogwiritsira ntchito magetsi: Balanced, Power saver ndi High performance, ndipo mu 2018 anawonjezerapo Ultimate Performance, kuchitira anthu amene dzina lachitatulo silinkawakwanira. Pa Balanced, purosesa ikakhala yopanda chochita imatsitsa liwiro ndi volteji yomwe. Pa High performance, laputopu ikalumikizidwa kumagetsi, malire otsikitsitsa a liwiro amaikidwa pa 100 peresenti, ngati dalaivala wa minibasi amene phazi lake silichoka pamoto ngakhale galimoto ili chiimire mudepoti kudikira anthu. Pamwamba pa izo pali Turbo Boost, imene Intel inabweretsa mu 2008, yolola purosesa kupitirira liwiro lake la masiku onse malinga ngati kutentha ndi magetsi zikulola. Tsono kuti liwiro likwere pamafunika volteji yokwera, ndipo kutentha sikuyenda limodzi ndi volteji, kumaithamangira kutsogolo: volteji ikakwera ndi 10 peresenti, kutentha kumakwera ndi 21 peresenti, tisanawerengere n'komwe kukwera kwa liwirolo. Moto wonsewo uyenera kutulukira pa kapaipi ka kopa ndi kafani kamodzi kapena tiwiri, m'bokosi lopyapyala limene mwini wake waliika pabulangete mu Okutobala. Walira mvula walira matope.

Komabe tisainamizire High performance, poti nkhani yotamanda wonena zoona siyenera kukhala ndi bodza. Laputopu yabwinobwino siigwa chifukwa cha ndondomeko imeneyi. Mapurosesa ambiri a Intel akayandikira madigiri 100 amadzichepetsera okha liwiro, ndipo zikakanika amadula magetsi asanapse. Choncho makina amene amayenda bwino pa Balanced koma n'kugwa pa High performance anali odwala kale, kungoti Balanced inkawabisira matenda. Mwina fumbi laluka chinsalu kuseri kwa fani. Mwina thermal paste, phala lotuwa lija la pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, linauma kalekale, monga zimakhalira ndi malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amafika kuno atatopa ndi maofesi a kunja. Mwina tchaja ndi ya mawati 45 pomwe makinawo amafuna 90, kapena RAM ili ndi kachilema, kapena BIOS ndi yakale, kapenanso mwini wake anatsitsa volteji ndi pulogalamu ngati ThrottleStop n'kuiwala. Zonsezi zimakhala phee mpaka tsiku limene purosesa yauzidwa kuthamanga, ndipo amene amalimba mtima kuziulula ndi mmodzi yekha.

Ndiponso sikirini yabuluu siimangokuwa, imalemba lipoti. Ikati WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, nambala 0x124, ikutanthauza kuti chipangizo chenichenicho, kawirikawiri purosesa, chapeza cholakwa chimene sichingathe kuchikonza. Ikati CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT, nambala 0x101, ndiye kuti core imodzi ya purosesa yaitanidwa koma sinayankhe m'nthawi yake. Isanachoke imasiya kafayilo mufoda ya Minidump, kamene pulogalamu ya WinDbg imatha kuwerenga n'kuloza kumene vuto linayambira. Mng'ono wake, kuzima kwadzidzidzi kuja kopanda mtundu uliwonse, ndi wosalankhula: mu Event Viewer amangosiya Kernel-Power 41, kutanthauza kuti makina sanazimitsidwe mwadongosolo, zimene mwini wake anaziona kale ndi maso. Koma ngakhale kusalankhulako ndi umboni, chifukwa nthawi zambiri kumaloza ku kutentha kapena ku magetsi. Ndi akuluakulu angati a m'maofesi amene ntchito ikawakanika amasiya kalata yonena tsiku, ola ndi chifukwa chake?

Wina ati: zonsezo n'zabwino, koma yandidyera ntchito ya tsiku lonse, lipoti la mwezi lapita. Chisoni chimenecho n'chomveka. Koma taonani chimene chimachitika purosesa ikalakwitsa popanda woiimitsa. Mu 1994 Thomas Nicely, katswiri wa masamu pa Lynchburg College ku Virginia, anapeza kuti purosesa ya Intel yotchedwa Pentium inkalakwitsa masamu ena ogawa. Munthu akagawa 4,195,835 ndi 3,145,727, yankho loona limayamba ndi 1.33382, koma Pentium inkapereka 1.33374, mosachita manyazi, mopanda sikirini yamtundu uliwonse. Makinawo sankagwa ayi, ankangonama mwakachetechete, ndipo Intel inataya madola 475 miliyoni posinthira anthu mapurosesawo. Mu 2021 akatswiri a Google ndi a Facebook, aliyense payekha, analemba za mapurosesa a m'makina awo akuluakulu amene nthawi zina amawerengera molakwa osapereka chizindikiro chilichonse, ndipo chinawadetsa nkhawa kwambiri chinali kukhala chete kumeneko. Amene wataya tsamba amadziwa kuti walitaya, amalilembanso. Amene purosesa yake yasintha nambala imodzi m'kaundula wa malipiro n'kupitiriza ntchito mosangalala adzazidziwira kwa owerengera ndalama. Windows imaimitsa zonse mwadala ikaona kuti kupitiriza kungawononge zimene zasungidwa, ndipo tsamba lotayikalo ndiwo malipiro okhawo amene mlonda ameneyu amatenga.

Winanso ati: mlonda wanji amene amakuwa katundu atabedwa kale? Yankho lili m'nkhani ya 2024. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14, a m'makompyuta a patebulo, anayamba kugwetsa masewera ndi mapulogalamu olemera, ndipo poyamba mlandu unkagwera ena: opanga masewera, makhadi a zithunzi, opanga mamadabodi. Kugwako sikunasiye, malipoti anachuluka, mpaka mu Julaye Intel inavomereza kuti mapurosesawo ankapempha volteji yopitirira muyezo, imene inkawakalambitsa msanga. Inatulutsa microcode 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Purosesa imene inali itawonongeka kale sinkachira ndi zimenezi, inkafunika kusinthidwa, ndipo apa wotsutsayo ali ndi mfundo. Koma miyandamiyanda ina inapulumuka chifukwa cha phokoso la zimene zinagwa. Intel inati mapurosesa a m'malaputopu sanakhudzidwe ndi vutoli, komabe lamulo la volteji ndi kutentha silisankha bokosi. Kampani yaikulu chotero sinagonjere nyuzipepala zokha, inagonjera makompyuta amene anakana kunamizira kuti ali bwino.

Chovuta kuyankha ndi cha pa 19 Julaye 2024, pamene makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, anachita buluu tsiku limodzi, ndege n'kulephera kunyamuka, zipatala ndi mabanki n'kubwerera ku mapepala. Pamenepa sipanali fumbi kapena tchaja yabodza, ndipo tivomere kuti mlonda wathu anatseka chipata cha mudzi wonse. Koma wolakwa anali kampani ya CrowdStrike, imene inatumiza fayilo yosokonekera ku pulogalamu yake yokhala m'kati mwenimweni mwa Windows, ndipo pa makina ambiri sikirini yabuluu inalemba dzina lakuti csagent.sys poonekera, tsiku lomwelo, popanda komiti yofufuza. Siyang'ananso nkhope: mu Epulo 1998, pa chionetsero cha COMDEX ku Chicago, inatulukira Bill Gates ali chiimire pansanja kuonetsa Windows 98, sikana itangolumikizidwa.

N'chifukwa chake ndimakayikira anthu ochenjera amene amaitseka pakamwa. Pali njira yotchuka yoika Maximum processor state pa 99 peresenti, imene pa malaputopu ambiri imazimitsa Turbo Boost, kutentha n'kutsika, kugwa n'kutha. Ngati njira yofufuzira ndi yabwino zedi, chifukwa imatsimikiza kuti vuto lagona pa kutentha kapena magetsi. Ngati mankhwala, ndi chiphuphu choperekedwa kwa mboni. Woilemekeza mboniyo amawerenga nambala imene yalemba, amayang'ana madigiri ndi pulogalamu ngati HWiNFO makina ali pa ntchito, amatsegula n'kupukuta fani, amasintha phala lija, amayerekeza mawati a patchaja ndi amene alembedwa pansi pa laputopu, amabwezera volteji mwakale, amayesa RAM ndi MemTest86 usiku wonse, ndipo BIOS amaikonza magetsi ali odalirika. Zonsezi zikalephera, nambala ija ndi imene amapita nayo kwa wokonza kapena kwa wogulitsa, ndipo imavuta kuitsutsa kuposa mawu akuti "imangozima yokha".

Nanga Microsoft yamuthokoza bwanji wantchito wotereyu? Inaika kale kuti makina azidziyatsanso okha akagwa, moti uthenga umazimiririka munthu asanapeze cholembera. Wofuna kuumva mpaka kumapeto ayenera kukachotsa yekha chizindikiro pa Automatically restart. Mu 2012, ndi Windows 8, anaijambulira nkhope yachisoni, ngati kuti iyo ndiyo iyenera kupepesa. Mu 2016 anaipachika QR code. Ndipo mu 2025, patangotha chaka chichitikire za CrowdStrike, anaivula buluu n'kuiveka zakuda mu Windows 11, nkhope ija n'kuifufuta, kuti izifanana ndi sikirini imene imaoneka makina akamalandira zosintha zatsopano. Nambala ya cholakwa anaisiya ndithu, koma m'munsi mwenimweni, m'zilembo zing'onozing'ono.