Madzi a ku Karonga ndi Dzino la a Banda

(Ku Chiputula, m'mawa. Mvula ikuwaza pa malata. Nkhuku zikuthamangitsidwa.)

NYAGONDWE: A Banda! Nkhuku zanu zamaliza mpiru wanga. Lero ndiphikapo imodzi.

BANDA: (mobuula) Phikani. Ine kutafuna ndasiya.

NYAGONDWE: Aa! Tsaya latupa chonchi bwanji? Akumenyani kubawo?

BANDA: Dzino, mayi. Usiku wonse osagona. Ndipo mlanduwu ndi wanu, inu ndi Tiwonge wanuyo.

NYAGONDWE: Tiwonge wakulumani?

BANDA: Munalengeza Chiputula yense kuti akamaliza Biomedical Sciences ku Mzuni akapempha malo ku KUHeS, akhale dokotala wa mano. Ine n'kuti tapulumuka, dokotala ali kuseri kwa mpanda. Dzulo ndamva kuti kafukufuku wake wa chaka chomaliza ndi wa madzi a pamjigo. Madzi!

NYAGONDWE: Mwamva kwa ndani?

BANDA: Mpanda wanu ndi waudzu.

NYAGONDWE: Makutu ndiye ndi athanzi ndithu.

BANDA: Wofuna za mano afufuze mano. Akafika ku Blantyre akamufunsa kuti mwanawe unafufuza chiyani, iye n'kuti madzi. Akamuuza kuti bwerera ku Mzuzu ukasambire mu Lunyangwa.

NYAGONDWE: Nanga manowo akawatenge kuti? Mwana wosaphunzira udokotala saloledwa kupisa dzanja m'kamwa mwa odwala. Kapena mupereka anuwo? Atsala angati?

BANDA: Osandiwerengera mano pabwalo!

NYAGONDWE: Ndiye tamverani. Kwathu ku Karonga tili ndi midzi imene ana mano awo ndi amawangamawanga, ena ofiirira. Munawaonapo?

BANDA: Ndi fodya ameneyo.

NYAGONDWE: Mwana wa sitandade 2 asute fodya? Ndi fluoride, bambo. Amachokera m'miyala pansi, n'kulowa m'madzi a m'mijigo ina.

BANDA: Fluoride wolembedwa pa Colgate uja? Ameneyo amalimbitsa mano. Musandinamize, ine ndinafika Fomu 2.

NYAGONDWE: Akakhala wochepa, inde. Akachuluka, mwana n'kumamwa madziwo mano akadali kupangika m'nkhama, amatuluka othimbirira, ndipo ngakhale atsukidwe ndi mswachi sayera. A WHO anaika malire pa mamiligalamu 1.5 pa lita. Tiwonge akatsika pa Chiweta ndi mabotolo, akatunge mjigo ndi mjigo, adzayeze kuti wapyola malire ndi uti.

BANDA: (kaye zii) Ndiye kuti madziwo ndi mano omwe?

NYAGONDWE: Mwafika, ngakhale mochedwa.

BANDA: Komabe sizikumveka zaulemu. Mwana wa mlongo wanga anasankha mutu wautali, wachizungu chokhachokha, woti ukauwerenga umapuma kawiri.

NYAGONDWE: Anaumaliza?

BANDA: Zipangizo zake zinali zoitanitsa ku Joni.

NYAGONDWE: Ndati anaumaliza?

BANDA: Akugulitsa mafoni ku Vigwagwa. Koma amapeza bwino!

NYAGONDWE: Eya. Wangayu anayamba wafunsa aphunzitsi ake ngati chipangizo choyezera chilipo, ngati womuyang'anira alipo, ndi kuti thiransipoti idya zingati. Komanso nkhaniyi imamuwawa, msuweni wake amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Mukamudzutsa pakati pa usiku akufotokozerani osayang'ana pepala. Ofunsa mafunso akuti amafuna zimenezo, osati mutu wobwereka.

BANDA: Sukulu yakeyo ndi yodalirika? Kale madokotala a mano ankaphunzira kunja.

NYAGONDWE: Kale limenelo. Maphunzirowa anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene lero ili mu KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Nthawi imeneyo dziko lonse lino madokotala a mano sankafika ndi 50 omwe. Ambiri amene amatizula mano m'zipatala ndi ma dental therapist ochokera ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe.

BANDA: Osafika 50? Malawi yense? Mpake mzere wake. Nanga iyeyu adzamaliza liti?

NYAGONDWE: Akamutenga, zaka zosachepera 5.

BANDA: Mayo ine! Dzino ili lidikire zaka 5?

NYAGONDWE: Mwaikapo chiyani? Mukununkha.

BANDA: Kachasu pang'ono. Wina wandiuza za madzi a batire.

NYAGONDWE: Asidi? Mukufuna tikhale pamaliro mvula ino? Valani jekete, mupite kuchipatala cha Central tsopano lino. Sakaramento! Iwe wa njinga, ima!

(Belu la njinga.)

BANDA: Ine ndilibe khobidi m'thumba.

NYAGONDWE: Ndilipira ndine, mudzabweza pakutha pa mwezi. Ndipo Tiwonge akafuna womunyamulira mabotolo, ndinu.

BANDA: Ku Karonga kotentha kuja?

NYAGONDWE: Kwerani, a Banda. Iwe mnyamata, usawatsitse panjira ngakhale akuuze kuti dzino lapola.