Dengu la M'mabuku ndi Dengu la Kumsika

Akatswiri a ku National Statistical Office ku Zomba, amene mwezi ndi mwezi amayendera misika kufunsa mtengo wa chimanga, sopo ndi mafuta ophikira, ali nalo dengu lawo la m'mabuku, limene amalidzaza ndi katundu yemweyo nthawi zonse kuti aone m'mene mitengo yakwerera. Koma mayi a kunyumba kwathu, amene amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, anandionetsa dengu lenileni kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo taonani, munali kamulu ka usipa wowerengeka ndi zala, ndi mpata wokwanira nkhuku yofungatira.

Kunena za kusiyana kwa chuma, Mtaliyana wina, Corrado Gini, anapeka muyeso wake mu 1912, wakuti pa 0 onse agawana mofanana, ndipo pa 1 munthu mmodzi wafumbata zonse, enawo n'kumangoyang'ana kukamwa kwake. Muyeso umenewu ine ndinauona ndi maso pa maliro ena, pamene ntchafu ya mbuzi inalunjika kwa amfumu, ife a pansi pa mtengo wa mango tinalandira msuzi, ndipo mlembi wa m'mudzi analemba m'kope mwake kuti anthu onse anadya nyama.