Wofunsa Nayenso Amadya Phula

Makolo athu, potisiyira mawu akuti safunsa anadya phula, anali kuganiza za mudzi umene munthu akafunsa kwa mkulu mmodzi amalandira yankho limodzi nabwerera kwawo mtima uli m'malo. Iwo sanaone tsiku la 14 Okutobala 2025, pamene kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo khamu la anthu amene makompyuta awo alibe kachipangizo ka TPM 2.0, kamene Windows 11 imafuna, linayamba kufunsa za Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene munthu amatenga osalipira, nakhala ndi ufulu woisanthula ndi kuikonza monga afunira.

Ine, pokhala mwana woleredwa bwino, ndinafunsa, ndipo funso langa linali laling'ono ndithu: kodi ndiike mtundu uti wa Linux? Mnyamata wokonza makompyuta anati Ubuntu. Mphwanga, atamva zimenezo, anagwira pakamwa nati, "Iyayi achimwene, munthu wozolowera Windows ayenera kuyamba ndi Mint." Pamenepo mkulu wina wa ndevu zake anatikhazika pansi tonse, natiwerengera mibadwo mwaulemu wa pabwalo la milandu: kuti Debian ndiye kholo, wobadwa mu 1993, kuti Debian anabala Ubuntu mu 2004, mzamba wake ali Mark Shuttleworth wa ku South Africa, kuti Ubuntu anabala Mint mu 2006, ndipo kuti munthu wolongosoka sapita kwa mdzukulu agogo ali moyo. Ndisanameze malovu, wina anandidzudzula kuti ndikulakwira Richard Stallman, amene anayamba ntchito ya GNU mu 1983, popeza dzina loyenera ndi GNU/Linux. Wokonda mtundu wotchedwa Arch yekha ndiye sindinamufunse kanthu, koma anandiuza.

Uchi ndinauona patali, m'kamwa muli phula lokhalokha.

Mint italowa m'kompyuta, mafunso sanathe ayi. Muli kazenera kakuda kotchedwa terminal, m'mene munthu amalemba mawu akuti sudo pofuna kulamula makina ngati mwini wake; makinawo amapempha mawu achinsinsi, ndipo pa mitundu ina ya Linux, pamene ulikuwalemba, sipaoneka chilembo, ngakhale kadontho, kotero kuti mlendo amamenya mabatani mwaukali poyesa kuti afa, pamene akatswiri akuti anachita dala kuti woimirira kumbuyo kwako asawerenge kutalika kwa chinsinsicho. Choopsa nchakuti wofunsa amapatsidwa malamulo amene sakuwamva, nawalemba ndi chikhulupiriro chonse, chonsecho lamulo limodzi lolakwika, likatsatana ndi sudo, likhoza kusesa zithunzi za ukwati ndi makalata a munda popanda kufunsa kawiri.

Komabe sindifuna kuwanyoza anthu amenewa, pakuti palibe mmodzi anandipempha tambala, ndipo mkangano wawo ndi wa anthu okonda chinthu chimene anamanga ndi manja awo, ambiri a iwo usiku ataweruka ku ntchito zina. Linux yomweyo inayamba ndi funso: mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anauza anzake za kantchito kake kongoseweretsa, nawafunsa zimene angakonde kuti aikemo. Anamuyankha, ndipo mpaka lero sanaleke.

Tsono inu amene kompyuta yanu yakalamba koma ikali ndi mphamvu, yambani mwakopera mafayilo anu onse pena, muike Mint pa fulashi, muiyese osafafaniza kanthu, muone ngati intaneti ndi pulinta zikumvera, ndiponso ngati pulogalamu ya LibreOffice ikutsegula makalata anu bwinobwino. Pofunsa, sankhani munthu mmodzi, makamaka wokhala pafupi, woti mukhoza kumugogodera Loweruka m'mawa.